Lipoti la Gitala ya Nsambo Zachitsulo Imene Inang'ambika Patatha Miyezi Inayi

Gitala imene lipotili likufotokoza ndi yachinayi imene ndinapanga ndi manja m'chipinda chogwiriramo ntchito kunyumba kwanga, ndipo ndi yoyamba kubwezedwa kwa ine ili ndi vuto lalikulu. Inachoka m'manja mwanga ikulira bwino, nsambo zili pa msinkhu woyenera, koma patangotha miyezi inayi mwini wake, amene ndi mphunzitsi wa nyimbo, anabwera nayo ili ndi mng'alu pathabwa lapamwamba ndipo nsambo zikukhudza mafret, tizitsulo topingasa pakhosi la gitala timene nsambo imakanikizidwapo poimba. Zonse zimene ndalemba pano ndazitenga m'kabuku kamene ndimalembamo miyeso tsiku lililonse la ntchito. Ndi m'kabuku komweko mmene cholakwa chinapezeka, ngakhale kuti pa nthawi imene ndinkalemba manambalawo ndinkawaona ngati umboni wakuti ntchito ikuyenda bwino.

Mtundu wa gitala ndi matabwa ake

Ndinatsatira kukula kwa gitala kodziwika ndi dzina loti OM (Orchestra Model), kumene kampani ya C. F. Martin inayamba kupanga mu 1929, pamene khosi limakumana ndi thupi pa fret ya nambala 14. Thupi lake ndi lotambalala mamilimita 380 pamalo aakulu kwambiri, ndipo utali wa nsambo kuchokera pa nut (potsamira nsambo kumapeto kwa khosi) kufika pa saddle (potsamira nsambo pathupi la gitala) ndinauika pa mamilimita 645. Thabwa lapamwamba, limene kuyambira pano ndizilitchula kuti nkhope, linali la mtengo wa spruce wa mtundu wa Sitka, zidutswa ziwiri zochekedwa motsatizana pachipika chimodzi, mizere ya zaka za mtengo itaima chilili m'kuchindikala kwa thabwalo. Msana, mbali ndi khosi zinali za mbawa, pamene thabwa la mafret ndi bridge (kathabwa komatidwa pankhope kamene kamagwira nsambo ndi saddle) zinali za mtengo wa rosewood wa ku India. Wa ku Brazil, amene amisiri akale ankamukonda, malonda ake pakati pa mayiko analetsedwa kwambiri kuyambira mu 1992 pansi pa pangano la CITES loteteza zomera ndi nyama zimene zili pangozi yotha, ndipo sindinamuganizire n'komwe.

Mmisiri wa ku Spain, Antonio de Torres, anapanga gitala mu 1862 imene msana ndi mbali zake zinali za mapepala oumba, pofuna kusonyeza kuti mawu a gitala amachokera makamaka kunkhope. Ndimagwirizana naye, koma ndimawonjezera kuti nkhope ndi imenenso imasenza katundu wolemera kuposa chiwalo china chilichonse. Nsambo zisanu ndi imodzi zachitsulo za muyeso wa 12 mpaka 53 (manambala a kuchindikala kwa nsambo yaing'ono ndi yaikulu) zikakungidwa bwino zimakoka ndi mphamvu yoposa makilogalamu 70, usana ndi usiku, pathabwa losafika mamilimita atatu kuchindikala. Ntchito yonse ya mmisiri ili pa kupeza pakati: nkhope ikachindikala gitala imalimba koma imakhala ngati yatsekedwa pakamwa, ikapyapyala imalira mokoma kwa chaka chimodzi kapena ziwiri kenaka n'kuyamba kupindika.

Zidutswa ziwiri za nkhope ndinaziwongola m'mbali ndi puleni yaitali mpaka pamene, nditazigwirizanitsa moyang'anizana ndi zenera, kuwala sikunadutse paliponse. Ndinazimata ndi guluu wa zikopa, amene amasungunulidwa m'madzi pa madigiri 60 ndipo amamatidwa akadali wotentha. Guluu ameneyu ndi wovuta chifukwa amayamba kugwirana pasanathe mphindi imodzi, koma amamasuka ndi kutentha ndi madzi, ndipo khalidwe limeneli ndi limene linadzandipulumutsa pambuyo pake. Nditamata ndinapala nkhope mpaka mamilimita 2.8 pakati ndi 2.5 m'mphepete mwa mbali yaikulu, ndikumaipinda ndi manja ndi kuigogoda ndi chala pafupi ndi khutu kuti ndimve pamene yayamba kumasuka. Bowo la mawu ndinalicheka lotambalala mamilimita 98.

Ntchito zina zinayenda mwa masiku onse ndipo sindikhalitsapo. Mbali ndinazipala mpaka mamilimita 2.1 n'kuzipinda pa paipi yotentha pafupifupi madigiri 150, ndikumazinyowetsa pang'ono. Imodzi inatuluka tizingwe pachiuno chifukwa mbawa ili ndi mizere yolukanalukana, koma inali yoti nkupala n'kutha. Ndinaziika m'chikombole, n'kumata chipika cha kukhosi ndi cha kumchira, kenaka timatabwa tochekedwa manomano timene timapereka malo omatapo nkhope ndi msana. Khosi ndinaliika truss rod, chitsulo cha m'kati chosinthira kukhota kwa khosi, yotembenukira mbali zonse ziwiri, ndipo ndinalilumikiza ndi thupi ndi mabawuti awiri m'malo momata. Malo a mafret amawerengedwa pogawa utali wa nsambo ndi 17.817, choncho fret yoyamba inagwa pa mamilimita 36.2 kuchokera pa nut, ndipo zotsala zimagawidwanso ndi nambala yomweyo mpaka fret ya 12 itagwa pakati penipeni, pa mamilimita 322.5.

Tsiku lomata timitanda

Pano ndi pamene pali nkhani yonse, choncho ndifotokoza kaye chimene chimachitika m'thabwa. Thabwa louma silisiya kumwa ndi kutaya madzi malinga ndi chinyezi cha mumpweya umene lilimo. Likamwa limafufuma, likataya limafota, koma limatero m'mbali, mopingasa mizere yake. M'litali silisintha kwenikweni. Timitanda timene timamatidwa pansi pa nkhope timadutsa mopingasa mizere ya nkhopeyo, makamaka tiwiri tikulutikulu topingasana ngati chilembo cha X, kapangidwe kamene kanakhazikika m'magitala a Martin cha m'ma 1840. Popeza timitanda sitifupika m'litali, tikangomatidwa timagwira nkhope pa kutambalala kumene inali nako tsiku limenelo. Mpweya ukadzanyowa kuposa tsikulo, nkhope imafuna kufufuma koma yagwidwa pansi, choncho imatukumukira kunja, ndipo zimenezi gitala imapirira. Mpweya ukadzauma kuposa tsikulo, nkhope imafuna kufota, imaphwera m'kati, ndipo ikafika pamene singaphwerenso imang'ambika motsatira mizere. Thabwa limapirira kupanikizidwa mopingasa mizere kuposa kukokedwa. Ndi chifukwa chake amisiri amamata timitanda pamene chinyezi chili pakati pa 40 ndi 47 peresenti, pamene spruce amakhala ndi madzi pafupifupi 8 peresenti, kuti gitala ikhale ndi mpata wopita mbali zonse ziwiri.

Zonsezi ndinkazidziwa, ndipo n'chifukwa chake ndisanayambe gitala imeneyi ndinagula kachipangizo katsopano koyezera chinyezi, ka manambala owala, n'kuchotsa pakhoma kakale ka muvi kamene ndinkakaona ngati kachikale. Tiwiriti tinkasiyana kwambiri, ndipo popanda kuyesa kalikonse ndinakhulupirira katsopanoko. Tsiku limene ndinamata timitanda ta kumsana kanawerenga 30 peresenti. Ndinamata ndili ndi nkhawa, ndipo m'kabuku ndinalemba kuti mpweya wauma mopitirira muyeso, kuti nkhope ndisaimate mpaka nyengo itasintha. Ndinadikira masabata asanu ndi awiri. Mvula itayamba, kachipangizoko kanakwera kufika pa 46, 47, 48, ndipo kanakhala pamenepo masiku khumi otsatizana. Ndinakondwa, n'kunena kuti tsopano thabwa lakhazikika pamalo oyenera, ndipo m'masiku amenewo ndi mmene ndinamata timitanda tonse ta nkhope ndi kathabwa ka rosewood kokhala pansi pa bridge.

Timitandato ndinatisema m'munsi mwake mokhota pang'ono, ndipo nkhope ndinaigoneka m'mbale yathabwa yokumbidwa molingana ndi mkombero wa mamita 8.5 kuchokera pakati, n'kukanikiza ndi timitengo topindika totsamira kudenga la shelefu. Kukhota kumeneku kumapatsa nkhope kachitunda kakang'ono, kamene pa mamilimita 380 kamakwera pafupifupi mamilimita 2.1 pakati. Kachitundako kamalimbitsa nkhope, komanso ndi nkhokwe ya thabwa: mpweya ukauma, nkhope imayamba yadya kachitundako isanayambe kukokeka. Timitanda ta X ndinatisiya tochindikala mamilimita 6.5 ndi totalika mamilimita 15 pamene tapingasana, n'kutisema mocheperachepera cha kumapeto. Patatha masabata atatu ndinatseka thupi, mvula ikadali kugwa.

Kapendekedwe ka khosi ndinakaika motengera kachitunda kameneko. Rula yachitsulo yogonekedwa pamwamba pa mafret iyenera kukafika ndendende pamwamba pa bridge, ndipo yanga inatero pa bridge yochindikala mamilimita 9. Ndinapaka utoto wa shellac wosungunulidwa mu spiriti ndi kansalu, kwa masabata anayi. Tsiku lopereka gitala, mpata wa pakati pa nsambo ndi fret ya 12 unali mamilimita 2.3 ku nsambo yaikulu ndi 1.7 ku yaing'ono, khosi lili ndi kukhota kwa mamilimita 0.2, saddle itatulukira mamilimita 3.5 pamwamba pa bridge.

Mmene inabwerera

Mwini gitala anafotokoza kuti kwa miyezi iwiri yoyambirira panalibe vuto, kenaka nsambo zazikulu zinayamba kunjenjemera pamafret akaimba mwamphamvu, ndipo m'mawa wina atatsegula bokosi anapeza mng'alu. Sanaigwetse, sanaisiye padzuwa kapena m'galimoto, ndipo nsambo zinali zomwe ndinaikapo ine. Nditayeza ndinapeza mpata pa fret ya 12 utatsika kufika mamilimita 1.5 ku nsambo yaikulu ndi 0.9 ku yaing'ono. Popeza fret ya 12 ili pakati pa nsambo, kutsika kwa mamilimita 0.8 pamenepo kukutanthauza kuti saddle yatsika kawiri kake, mamilimita 1.6. Nditamasula nsambo ndi kugoneka rula mopingasa kuseri kwa bridge, kachitunda ka mamilimita 2.1 kanali katatsala pafupifupi 0.4, ndipo manambala awiriwa anagwirizana bwino. Mng'alu unayambira m'munsi mwa bridge kulowera kumchira, wotalika masentimita 14, pafupifupi chala chimodzi kuchokera pamzere wa pakati, wotseguka moti pepala limalowa. Nsonga za mafret zinali zitatulukira pang'ono m'mbali mwa khosi, zikukanda chala.

Ndisanaweruze ndinayamba ndachotsa zifukwa zina. Ndinalowetsa kagalasi ndi tochi m'bowo la mawu n'kuyesa kulowetsa kachitsulo kopyapyala pansi pa kamtanda kalikonse, ndipo panalibe kamene kanamatuka. Mzere wa pakati, pamene ndinalumikiza zidutswa ziwiri, unali wotseka, kusonyeza kuti guluu sanalephere. Linang'ambika ndi thabwa lenilenilo. Kukhota kwa khosi kunali pafupi ndi pamene ndinakusiya, choncho truss rod inalibe mlandu. Mabawuti anali olimba, ndipo ngakhale akanamasuka, nsambo zikanakwera osati kutsika. Zizindikiro zonse zinaloza ku kuuma, ndipo kunena zoona, maganizo anga oyamba anali akuti mwini gitala akuisunga m'chipinda chouma kwambiri. Ndinatsala pang'ono kumuuza zimenezo. Chimene chinandiletsa n'chakuti m'chipinda chomwecho muli gitala ina imene ndinamupangira zaka zitatu zapitazo, ndipo imeneyo inalibe vuto lililonse.

Apa m'pamene ndinayesa kachipangizo koyezera chinyezi, ntchito imene ndikanaichita tsiku limene ndinakagula. Mchere wamba ukanyowetsedwa ndi madzi pang'ono mpaka kukhala ngati mchenga wonyowa, n'kutsekeredwa m'botolo losalowa mpweya, umasunga chinyezi cha 75 peresenti m'botolomo, ndipo nambala imeneyi sisintha kwenikweni ndi kutentha kwa m'nyumba. Ndinaika tizipangizo tonse tiwiri m'botolo limodzi kwa maola 24. Kakale ka muvi kanawerenga 73. Katsopano kanawerenga 57. Pofuna kuona ngati kamalakwa chimodzimodzi kumunsi, ndinabwerezanso ndi mchere wa magnesium chloride, umene umasunga 33 peresenti, ndipo kanawerenga 17. Kachipangizoko kanali kubisa pakati pa 16 ndi 18 peresenti nthawi zonse.

Ndi nambala imeneyi kabuku kanga kanawerengeka mwatsopano. Tsiku limene ndinamata msana ndikudandaula kuti 30 ndi wouma kwambiri, chinyezi chenicheni chinali cha m'ma 47, ndiye kuti msana unamatidwa pa nthawi yabwino, ndipo n'chifukwa chake sunang'ambike. Masiku khumi amene ndinawadikira masabata asanu ndi awiri, chinyezi chinali cha m'ma 65 peresenti, pamene spruce amakhala ndi madzi pafupifupi 12 peresenti. M'chipinda cha mwini gitala, nditayezamo kwa sabata ndi kachipangizo koyesedwa, munali pakati pa 36 ndi 40, pamene thabwa limatsikira ku 7.5 peresenti, ndipo kumeneko si kuuma koti n'kuononga gitala yopangidwa bwino. Spruce wa Sitka wochekedwa mizere itaima amafota pafupifupi 0.15 peresenti ya kutambalala kwake pa peresenti iliyonse ya madzi imene wataya. Kutaya 4.5 peresenti pa mamilimita 380 kukupereka mamilimita pafupifupi 2.6 amene nkhope inkafuna kufota. Kuphwa kwa kachitunda kumabweza gawo laling'ono chabe la utali umenewo, gawo lina thabwa linapirira mwa kukokeka, ndipo lotsalalo linatulukira pamng'alu.

Chimene chimandiwawa powerenganso kabukuko n'chakuti zizindikiro zinalipo ndipo ndinazilemba ndekha. Pa sabata yomata timitanda ndinalemba kuti matchizulo achita dzimbiri pang'ono. Ndinalembanso kuti guluu wotuluka m'mbali mwa timitanda anali akadali wofewa m'mawa mwake, pamene nthawi zonse amakhala atauma gwa. Popaka shellac ndinalemba kawiri kuti wachita chifunga choyera, chimene chimachitika spiriti akamauluka mumpweya wonyowa n'kusiya timadzi pansi pa utotowo. Chilichonse ndinachipezera chifukwa chake pachokha, popeza nambala ya pakhoma inkanena 47 ndipo ndinaikhulupirira kuposa manja ndi maso anga.

Kukonza

Njira zinalipo zitatu. Yoyamba, imene okonza magitala amagwiritsa ntchito kawirikawiri, ndi kuika gitala pamalo onyowa masiku angapo mpaka mng'alu utatsekeka wokha, kulowetsamo guluu, n'kumata tizigamba ta spruce m'kati mopingasa mng'aluwo. Njira imeneyi ndi yabwino pa gitala imene inapangidwa bwino n'kukauma mwangozi, koma pa iyi ikanangobwezera nkhope pa chinyezi cholakwika chimene inabadwira, ndipo nyengo youma yotsatira ikanang'ambika pambali pa tizigambato. Yachiwiri inali kuisiya youma, kulowetsa kachidutswa ka spruce mumng'alu kuti kadzaze mpatawo, kenaka kusintha kapendekedwe ka khosi kuti kagwirizane ndi nkhope yophwayo. Iyi ikanagwira ntchito, ndipo pa gitala yakale ya mtengo wapatali ndikanasankha imeneyi, koma ikanasiya nkhope yopanda kachitunda ndi timitanda topanikizika molakwika pa gitala ya miyezi inayi. Ndinasankha yachitatu, kuchotsa nkhope yonse n'kupanga ina. Ndinamufotokozera mwini gitala kuti cholakwa chinali changa, ndinamuonetsa manambala a m'botolo la mchere, ndipo sindinamulipiritse kanthu.

Kuchotsa kunatenga masiku awiri. Ndinamasula mabawuti, n'kutenthetsa gawo la thabwa la mafret limene limagona pankhope mpaka guluu atamasuka, ndipo khosi linachoka lathunthu. Bridge ndinaichotsa ndi kutentha ndi mpeni wopyapyala wopanda mano, ndikulowetsa mpeniwo motsatira mizere kuti rosewood asagamphuke. Mkombero wa m'mphepete, kamzere kophimba pamene nkhope yakumana ndi mbali, ndinaudula, kenaka ndinabwezera thupi m'chikombole ndisanamasule nkhope, chifukwa thupi lopanda nkhope limataya maonekedwe ake ndipo chipika cha kukhosi chimapendekeka. Ndi mpeni wotentha ndi timadzi pang'ono nkhope inasiyana ndi timatabwa ta m'mphepete. Tiwiri tokha tinathyoka ndipo ndinaika tina. Nkhope yakaleyo nditaigoneka pathebulo yokha, inapindikira m'kati ngati mbale, timitanda tili kunja kwa kupindikako, umene ndi umboni womaliza wakuti inamatidwa ili yofufuma.

Pa nkhope yatsopano sindinadalirenso nyengo. Ndinakonza kabati yotseka bwino yokhala ndi babu la mawati 40 pansi, chifukwa mpweya ukatenthedwa pang'ono chinyezi chake chimatsika, ndipo ndinaikamo nkhope, timitanda, thupi ndi thabwa lililonse loti limatidwe kwa masabata atatu pa chinyezi cha pakati pa 42 ndi 45 peresenti. Popeza ndinali nditaphunzira kusakhulupirira chipangizo chimodzi, ndinayeza madzi a m'thabwa mwachindunji. Ndinadula kachidutswa pa spruce yemweyo, n'kukayeza pa sikelo yaing'ono, kanalemera magalamu 12.96. Ndinakaumitsa mu uvuni pa madigiri 103 mpaka kulemera kwake kutasiya kutsika, kanatsala magalamu 12.00. Kusiyanako kukagawidwa ndi kulemera kouma kumapereka 8 peresenti. Njira imeneyi ndi yochedwa koma sinama, ndipo imafuna sikelo ndi uvuni basi. Thabwa lopyapyala ngati nkhope limamwa madzi msanga, choncho ndinkalitulutsa m'kabati pa nthawi yomata yokha, ndipo ndinasankha masana a masiku ouma pamene chipinda chonse chinali pansi pa 50 peresenti.

Spruce watsopanoyo anali wolimbirapo mopingasa mizere, choncho ndinamupala mpaka mamilimita 2.7. Timitanda ndinatisema monga poyamba. Nditatseka thupi, kuika mkombero watsopano ndi kupaka shellac, ndinayesa khosi ndipo rula inagwa theka la milimita pansi pa nsonga ya bridge; ndinapala chidendene cha khosi ndi sandipepala wokokedwa pakati pa khosi ndi thupi mpaka inafika pamalo ake. Apa ndi pamene mabawuti anaonetsa ubwino wake, chifukwa ndinachotsa ndi kubwezera khosi kasanu ndi kamodzi m'masana amodzi. Bridge yakale ndinaibwezera, ngalande ya saddle ili yopendekeka kuti nsambo yaing'ono italike ndi mamilimita 2 ndi yaikulu ndi mamilimita 4.5 kupitirira 645, pakuti nsambo ikakanikizidwa pa fret imakungika pang'ono ndipo popanda utali wowonjezerawo mawu amakwera mopitirira.

Panatuluka vuto lina laling'ono limene nkhope yoyamba inalibe. Mawu a G a pa fret yachitatu ya nsambo yaikulu ankatuluka mwamphamvu n'kufa msanga. Nditagogoda bridge ndi kujambula kulirako pa kompyuta, ndinapeza kuti mpweya wa m'thupi ukulira pa 98 Hz (kunjenjemera ka 98 pa sekondi), pamene G ameneyo ali ndendende, choncho thupi linkameza mphamvu yonse ya nsambo nthawi imodzi. Ndinalowetsa dzanja m'bowo la mawu ndi kapuleni kakang'ono n'kupala pang'onopang'ono miyendo ya m'munsi ya X, ndikumayeza ndikapala kangapo, mpaka kulirako kunatsikira ku 95 Hz, pakati pa G ndi F sharp amene ali pa 92.5. Ndinalekera pomwepo ngakhale kuti G anali asanafanane kotheratu ndi anzake, chifukwa thabwa lopalidwa silibwereranso, ndipo nkhope yatsopano imamasuka yokha m'miyezi yoyamba nsambo zikamaikoka.

Gitala inabwerera kwa mwini wake mpata uli mamilimita 2.3 ndi 1.7 monga poyamba, nsonga za mafret nditazipala ndi tupa pa nthawi imene thabwa linali louma. Ndaiyeza katatu kuchokera pamenepo. M'masabata ouma kwambiri, chipinda chili pa 35 peresenti, mpata wa nsambo yaikulu unatsikira ku mamilimita 2.1, kachitunda katatsala mamilimita 1.7, popanda kunjenjemera kapena mng'alu. M'masabata a mvula, pa 68 peresenti, unakwera kufika 2.7, ndipo mwini wake anati zala zikumva kulimba pang'ono, choncho ndinamupangira saddle yachiwiri yofupikirapo ndi theka la milimita yoti azisintha nyengo ikatero. Zipsera za ntchitoyi zilipo ziwiri zimene wodziwa angazione: mkombero wa kunkhope ndi wotambalala pang'ono kuposa wa kumsana chifukwa ngalande inadulidwa kawiri, ndipo shellac wa m'mbali ndi wakuderapo kuposa wa pamwamba. Pa kuyeza kwachitatu, patatha miyezi khumi ndi umodzi, mpweya wa m'thupi unali utatsikira ku 94 Hz, ndipo kuseri kwa bridge nkhope inali itakwera ndi mamilimita 0.3 chifukwa cha kukoka kwa nsambo. Nambala yomalizayi ndidzaiyezanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, popeza miyendo ya X ndinaipala kuposa mmene ndinakonzera poyamba.